Mkuyu wa kudimba kwathu: duwa lake lili kuti?

Nambewe wa ku Linthipe:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira dzulo. Mwana wanga ali Sitandade 6, ndiye aphunzitsi awo anawatuma kuti aliyense abweretse tsamba, duwa ndi chipatso cha mtengo umodzi. Iye anasankha mkuyu womwe uli kumapeto kwa dimba lathu, m'mbali mwa mtsinje. Tsamba anathyola, nkhuyu anatola zodzaza thumba la yunifolomu, koma duwa ayi. Anakwera mpaka m'nthambi, osalipeza. Atandifunsa ndinasowa choyankha. Mtengo umenewu unali waukulu kale pamene amayi anga ankandibereka kumsana popita kudimba, koma sindinauonepo utachita maluwa ngakhale chaka chimodzi. Mango timawaona akuchita maluwa nyengo yozizira ikamatha, mapichesi a kuno ku Dedza nawonso amayamba ndi maluwa masamba asanaphuke. Nanga mkuyu umabereka bwanji popanda duwa?

Chinanso, alamu anga akufuna audule kuti awotchere njerwa. Akuti ndi mtengo wopanda ntchito, zipatso zake n'zodzaza tizilombo. Ine mtima ukukana. Ndithandizeni ndikhale ndi choyankha kwa mwana ndi kwa alamu omwe.

Bambo a Yamikani, Golomoti:
Amayi, makolo ananena kale kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Alamu anuwo sakunama. Kuno kuchigwa mikuyu ndi yambiri, koma amadya nkhuyu ndi anyani ndi ana basi.

Namaseko wa ku Lizulu:
Ine ndinkaganiza kuti umachita maluwa usiku n'kuyoyoka kusanache. Tidikire odziwa.

Chifundo wa Zankhalango:
Amayi Nambewe, muuzeni mwanayo kuti maluwa wawapeza kale, ali m'thumba la yunifolomu momwemo. Nkhuyu iliyonse imene watolayo ndi nyumba ya maluwa mazanamazana. Ine ndinaphunzira za nkhalango ku koleji ya ku Chongoni, ndipo tsiku lomwe tinang'amba nkhuyu yaiwisi n'kuiyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu sindidzaliiwala.

Ndifotokoze chonchi. Tengani lichero, mudzaze pamwamba pake ndi timaluwa ting'onoting'ono tothithikana. Ndiye mugwire m'mphepete mwa lichero lija, mulipindire m'kati mozungulira mpaka likhale ngati mtsuko wa kukamwa kwakung'ono. Timaluwa tonse tija tsopano tili m'kati, tikuyang'anizana. Imeneyo ndiyo nkhuyu. Chomwe ife timaluma n'kumati chipatso ndi mtsukowo. Zipatso zenizeni ndi tinjere timene timalira m'mano tija, ndipo kanjere kalikonse kanachokera ku duwa lakelake. Kukamwa kwa mtsuko uja mutha kukuona: tembenuzani nkhuyu, mbali yomwe kulibe kaphesi kuli kanthu kooneka ngati kamchombo. Pamenepo pali khomo, lotsekedwa ndi timamba tosanjikizana.

Timaluwa timeneti tilibe zokongoletsa ngati duwa la maungu, popeza palibe njuchi yoti ikopeke nato m'kati mwa mdimamo. Ndipo duwa lililonse ndi lachimuna kapena lachikazi, monga chimanga chili ndi ngayaye payokha ndi ndevu pazokha. Mu mkuyu wathu uno, achikazi ndiwo ambiri, adzaza makoma onse, achimuna ndi ochepa ndipo amakhala chapafupi ndi khomo.

Nambewe wa ku Linthipe:
Zikomo achimwene. Ndawerenga kawiri. Koma poti mwatchula chimanga, chimanga timadziwa kuti mphepo imagwetsera mungu wa ngayaye pa ndevu. Nanga mu mtsuko wotseka chonchi mungu ungalowe bwanji? Kapena umangogwera momwemo kuchoka kwa achimuna aja?

Tiyanjane (ndili ku Bunda):
Amayi, mwafunsa pamene pagona nkhani. Sungagwere momwemo chifukwa maluwa achikazi amakhwima msanga, achimuna n'kudzakhwima patapita milungu ingapo, achikazi atatha kale ntchito. Mungu uyenera kuchokera mu nkhuyu ya mtengo wina. Ndipo wobweretsa wake ndi tizilombo tomwe alamu anu akudana natoto.

Si nyerere kwenikweni, ndi timavu. Kamodzi kutalika kwake ndi mamilimita 2 kapena kucheperapo, sikaluma munthu. Nkhuyu yaiwisi ikafika poti maluwa ake achikazi akonzeka, imatulutsa fungo lomwe ife sitilimva bwino koma kamavu kakakazi kamalitsata. Kakafika kamadzipanikiza pakati pa timamba ta pakhomo tija. Njirayo ndi yothina kwambiri moti mapiko ake amathothoka, tinyanga take ta kumutu timaduka. Kakalowa kalowa, sikadzaulukanso. Pachifuwa pake kali ndi timatumba momwe kananyamula mungu kuchokera mu nkhuyu yomwe kanabadwira. Kamayenda pamwamba pa maluwa, kuthira mungu, kwinaku kakuikira mazira.

Chomwe ine chimandidabwitsa mpaka lero ndi mmene mtengo ndi kachilomboka amagawanirana. Duwa lachikazi lili ndi khosi, lomwe ntchito yake ndi yofanana ndi ndevu ya chimanga. Maluwa ena ndi a khosi lalifupi, ena lalitali. Kamavu kamaikira mazira ambiri m'maluwa a khosi lalifupi, mmenemo mumakula ana ake. A khosi lalitali ambiri amangolandira mungu n'kusanduka njere. Ndiye nkhuyu imodzi imalera ana awiri, a mtengo ndi a mavu. Kamayi kaja kakamaliza kamafera momwemo.

Patapita milungu, oyamba kuswa ndi timavu tachimuna. Tilibe mapiko, sitiona bwino, ndipo timaoneka tofiirira ngati nyerere zazing'ono. N'kutheka kuti ndi timeneti tomwe makolo anationa. Timafunafuna tachikazi tidakali m'zipinda zawo, timakwerana nato, kenaka timaboola njira pakhoma la nkhuyu. Ntchito yawo imathera pomwepo, timafa osapita kulikonse. Tachikazi timatuluka m'zipinda nthawi yomwe maluwa achimuna akhwima, timatapa mungu m'timatumba tija n'kutulukira pabowo lija. Tili ndi tsiku limodzi kapena awiri okha oti tipeze mtengo wina wa nkhuyu zaziwisi. Tikangochoka m'pamene nkhuyu imafewa, kufiira ndi kutsekemera, kuitana mbalame.

Bambo a Yamikani, Golomoti:
Mwana wanga, ndiye ukutiuza kuti tikamadya nkhuyu timadya mitembo ya mavu? Zikungowonjezera mlandu wa mtengowu izi. Komanso ine nyerere zenizeni ndaziona ndi maso anga, zakuda, zikutuluka mu nkhuyu yakupsa. Sindingasokoneze nyerere ndi mavu.

Tiyanjane (ndili ku Bunda):
Bambo, simunaone molakwa. Nyerere zenizeni zimabwera ndithu. Zimadikirira timavu panja kuti zitigwire, ndipo bowo lija likatseguka zimalowa kukadya totsala ndi kunyambita zotsekemera. Ntchentche zazing'ono nazo zimaikira mazira mu nkhuyu zakupsa, n'chifukwa chake zakugwa pansi zimakhala ndi mphutsi. Koma zimenezo ndi alendo obwera phwando litatha. Kamayi kolowa poyamba kaja thupi lake limakhala litasungunuka kalekale pofika nthawi yakupsa. Timavu sitidwalitsa munthu. Ng'ambani nkhuyu, muyang'ane, muuzire, mudye. Yovunda itayeni ngati mmene mungatayire bango lovunda.

Namaseko wa ku Lizulu:
Ndiye mwambi uja ukunama?

Gogo Ngozo (akundilembera mdzukulu wanga):
Mwambi sunama, mwana wanga. Unanena zomwe diso linaona, ndipo unkalangiza za anthu, osati za mitengo. Munthu wooneka bwino kunja umuyang'anitsitse. Zimenezo zikadali zoona. Chomwe ndaphunzira lero n'chakuti za m'katizo ndizo zimabereketsa mtengo. Ndakalamba ndikudya nkhuyu ku Bwanje ndikuweta ng'ombe, izi sindinazimvepo.

Aphunzitsi Phiri, Lobi:
Ndalowa mochedwa, ndinali ndi makope oti ndichonge. Amayi Nambewe, mwanayo akapita ndi nkhuyu yong'amba pakati ndipo akafotokoze zomwe zanenedwazi, ameneyo wakhoza kuposa amene abweretse duwa la bonongwe. Ndiwonjezere za mtundu wake, chifukwa mitengo nayo ili ndi mafuko monga ife a Phiri ndi a Banda. Mkuyu wa m'mitsinje, wa khungwa lachikasu mobiriwira ndi masamba okhakhala pang'ono, akatswiri amautchula Ficus sycomorus. Pali wina womwe timautchulanso mkuyu, Ficus sur, wa masamba osalala a mano m'mphepete, womwe umalendewetsa nkhuyu m'mitolo pathunthu penipeni mpaka pafupi ndi nthaka. Kachere nayenso ndi Ficus. Padziko lonse mitundu ya Ficus imaposa 750, yambiri m'mayiko otentha, ndipo pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi kamavu kake. Ka mkuyu sikagwira ntchito pa kachere. Ka Ficus sycomorus dzina lake ndi Ceratosolen arabicus.

Banja lalikulu lomwe onsewa alimo ndi Moraceae, la mitundu yoposa 1,000. Dzinalo linachokera ku Morus, lomwe ndi dzina la mabulosi. Inde, mabulosi omwe ana athu amadetsa nawo milomo aja ndi abale a mkuyu.

Namaseko wa ku Lizulu:
Apa pokha aphunzitsi ndikana. Mabulosi ndili nawo kuseri kwa nyumba. Tsamba lina, chipatso china, msinkhu wina. Chibale chake chili pati? Mukanati masuku ndikanamva, popeza nawo ndi obulungira.

Chifundo wa Zankhalango:
Achemwali, kubulungira kumanamiza. Masuku ali m'banja lina kutalitali. Chibale cha mitengo timachiona pa kapangidwe ka duwa ndi chipatso. Pitani kuseri kwa nyumbako muthyole bulosi limodzi muliyang'anitsitse. Muona kuti ndi timibulu tambiri tomatirirana pa kamtengo kamodzi, ndipo pa kambulu kalikonse pali titsitsi touma. Kambulu kalikonse kanali duwa palokha, titsitsito ndi ndevu zake zotsala. Ndiye bulosi lili ngati chimanga pa chitsononkho, maluwa ali kunja. Nkhuyu ndi chinthu chomwecho koma chotembenuzidwa, maluwa ali m'kati. Lichero ndinanena lija sindinangolipeka: m'banja lomweli muli tizitsamba ta m'nkhalango totchedwa Dorstenia, timene maluwa ake amakhaladi pa kambale kotseguka.

Kusiyana kwake n'kwakuti mabulosi, popeza maluwa ali panja, sasowa mavu. Maluwa ake achimuna amakhala opindika ngati msampha wotchera, akakhwima amafwamphuka n'kuponya mungu m'mwamba, mphepo n'kuutenga.

Chizindikiro china chophweka: thyolani tsamba lanthete la mabulosi, mudikire pang'ono. Patuluka timadzi toyera ngati mkaka. Wa mabulosi ndi wochepa ndi wamadzimadzi, wa mkuyu ndi kachere ndi wambiri, womata. Masamba a onsewa samera awiriawiri moyang'anizana, amasinthana, ili uku, linalo patsogolo mbali ina. Ndipo pa mkuyu ndi kachere yang'anani kunsonga kwa nthambi: pali kachipewa kosongoka ngati nyanga, kovindikira tsamba lomwe lisanatambasuke. Tsamba likatambasuka kachipewako kamagwa n'kusiya mzere wozungulira nthambi ngati mphete. Mukaona mkaka, kachipewa ndi mphete pamodzi, ngakhale mtengo ulibe chipatso, mwayandikira kwambiri kuudziwa.

Namaseko wa ku Lizulu:
Ndapita ndi tochi. Mkaka watulukadi, titsitsi tiliponso. Zaka zonsezi ndimangodya osayang'ana. Ndavomera achimwene.

Limbani wa pa thiraki:
Ndiye nkhadze nayo ndi m'bale wawo? Ija mkaka wake ndiye wosayamba. Papaya naye ali nawo.

Chifundo wa Zankhalango:
Ayi achimwene, ndipo mwachita bwino kufunsa chifukwa apa ana angavulale. Mkaka pawokha si umboni. Nkhadze ili m'banja limodzi ndi chinangwa, la Euphorbiaceae, ndipo mkaka wake ukalowa m'maso ndi ngozi yeniyeni, munthu atsuke ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala. Papaya ali ndi banja lake, thombozi nayenso lake. N'chifukwa chake ndati muphatikize zizindikiro. Ngakhale wa mkuyu womwewu ana asamapakane kumaso, umayabwa.

Limbani wa pa thiraki:
Ndamva. Ndiye ndifunseko china. Ku Tanzania, panjira ya ku Dar es Salaam, amagulitsa chichipatso chachikulu ngati mwana wa mbuzi, chobiriwira, cha timinga tosabaya, amati fenesi. Chimabereka pathunthu ngati mkuyu, ndipo ukachidula mpeni umamata moti amapaka mafuta ophikira m'manja. Chimenechi ndikuganiza kuti ndi chawo.

Aphunzitsi Phiri, Lobi:
Mwalasa. Ndi jackfruit imeneyo, kwawo ndi ku India. Palibe chipatso china cha mumtengo choiposa kukula, imodzi itha kupitirira makilogalamu 30. Kapangidwe kake ndi ka bulosi lomwe lija, maluwa ambirimbiri omatana pa mtima umodzi, kungoti yakula mopitirira. Mabulosi amene tili nawo kuno nawonso ndi obwera, kwawo ndi ku Asia. Ku China masamba ake ndiwo chakudya cha mbozi zopanga ulusi wa silika.

Gogo Ngozo (akundilembera mdzukulu wanga):
Mwanena za kumata, mwandikumbutsa ubwana. Ife ulimbo tinkatenga ku kachere. Timatema khungwa ndi kampeni m'mawa, mkaka n'kumadonthera m'chigoba. Tikauphika n'kuutafuna umasanduka wonyudulira, ndiye timakulunga pa timitengo n'kukatchera pamadzi pomwe mbalame zimamwa. Lero ndikaona mmene mbalame zatheramu sindingamuphunzitse mdzukulu wanga zimenezo, koma ndi mmene tinakulira.

Ndipo ana inu mudziwe kuti nsalu zisanachuluke makolo ankavala chiwondo. Amasenda khungwa la mombo kapena la kachere, kulinyika, n'kulisula ndi chibonga pa chipika mpaka litatambasuka n'kufewa. Ine ndinachiona kwa agogo anga chitasungidwa, sindinachivale. Kachere sanali mtengo wamba. Pabwalo la mfumu pamakhala kachere, milandu imakambidwa pamthunzi pake. Kwanu ku Dedza kuli ufumu wa Kachere. Ndipo ku Mtunthama ku Kasungu kuli kachere yemwe Kamuzu anaphunzirapo ali mwana, pafupi ndi pomwe anadzamanga sukulu yake ija.

Tiyanjane (ndili ku Bunda):
Agogo, zikomo kwambiri. Ku Uganda luso la chiwondolo likadalipo. Abaganda amasenda khungwa la mtengo womwe amautcha mutuba, Ficus natalensis, womwe ndi mmodzi mwa mitengo imene kuno timaitcha kachere. Akasenda amakulunga thunthu ndi masamba a nthochi, khungwa limameranso, chaka chamawa n'kudzasendanso mtengo womwewo. Bungwe la mayiko onse loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linalizindikira lusoli mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Zimandipweteka kuti kwathu kuno tinangolisiya kuti life.

Mayi a Pemphero, Bembeke:
Mukumutama kachereyu koma ine ndili naye mlandu. Unamera pa mtengo wathu wa muwanga, pamphanda, ngati kachitsamba. Tinkangouona. Patapita zaka mizu inatsika ngati zingwe, inakulunga thunthu lonse, lero muwanga uja unauma, watsala kachere yekha. Winanso anamera pa khoma la chimbudzi cha kutchalitchi n'kuling'amba. Uwu si ufiti wa mtengo uwu?

Chifundo wa Zankhalango:
Mayi, zomwe mwaonazo ndi zoona ndipo ndi chikhalidwe chake. Mbalame kapena mleme ukadya nkhuyu za kachere, njere zimatuluka ndi zitosi n'kugwera pamphanda ya mtengo, pa mng'alu wa thanthwe kapena pa khoma. Kanjere kake n'kakang'ono, pansi pa mthunzi sikangapikisane ndi udzu, ndiye kamayambira m'mwamba momwe muli dzuwa. Kenaka kamatsitsa mizu mpaka ifike pansi. Mizuyo ikakhudzana imalumikizana n'kukhala ngati ukonde. Koma kachere sayamwa madzi a mtengo womwe wakhalapo ngati mmene kaufiti amayamwira chimanga. Chomwe amachita ndi kuufinya kuti thunthu lisakule, kuuphimba ndi mthunzi, ndi kuulanda madzi m'nthaka. Mtengo wa m'kati ukafa n'kuola, pamatsala mphako. Mukayenda m'matanthwe a ku Chongoni muona ena atakumbatira miyala, mizu ikutsata ming'alu.

Ndiye ndikugwirizana nanu pa ichi: mukaona kachere wamera pa khoma, pa chitsime kapena pa mtengo womwe mukuufuna, muzuleni akadali wamng'ono. Ndipo musabzale kachere kapena mkuyu pafupi ndi nyumba, chimbudzi kapena mapaipi. Malo ake ndi pabwalo, kudambo, m'malire a munda, kumtsinje. Kubzala kwake n'kosavuta, mumangodula nthambi yonenepa ngati mpini n'kuizika mvula ikamayandikira. Masamba ake mbuzi ndi ng'ombe zimadya nthawi ya chilimwe msipu utauma.

Mayi a Pemphero, Bembeke:
Muwanga wanga ndiye unapita. Koma ndamva, wa pachimbudzi tikauchotsa Loweruka.

Mkulu wa mpingo, Ntcheu boma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso langa ndi ili: mkuyu womwe Zakeyu anakwera ku Yeriko ndi womwewu wa m'mitsinje mwathu? Ndimaphunzitsa Sande sukulu, ndikufuna ndiwauze ana zoona.

Aphunzitsi Phiri, Lobi:
Ndi womwewu abambo, Ficus sycomorus. Ndipo mukauona mumvetsa chifukwa chake munthu wamfupi anausankha: thunthu lalifupi, nthambi zikuluzikulu zoyambira pansi n'kutambalala. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi kuno ku Africa. Ku Iguputo ndi ku Israeli anthu anaubzala kuyambira kalekale, koma kamavu kake kothira mungu kulibe kumeneko, moti nkhuyu zake sizikhala ndi njere zomera ndipo amaufalitsa pozika nthambi. Alimi akumeneko ankacheka nkhuyu iliyonse ndi kampeni idakali yaiwisi, bala limenelo limaifulumizitsa kupsa. Ndiyo ntchito yomwe mneneri Amosi ananena kuti ankagwira kuwonjezera pa kuweta. Aiguputo ankapangiranso mabokosi a maliro ndi matabwa ake.

Bambo a Yamikani, Golomoti:
Zonsezi ndamva ndipo ndaphunzira. Koma tibwerere kwa alamu a amayiwa. Munthu akufuna nyumba ya njerwa zootcha, nkhuni kulibe, mtengo uli m'dimba mwake. Tisamuweruze ngati wopanda nzeru. Komanso anthu amati mkuyu umamwa madzi a m'dimba ndipo mthunzi wake umapha ndiwo. Kamavu sikangamumangire nyumba.

Chifundo wa Zankhalango:
Bambo, sindikuwaweruza, vuto la nkhuni tonse tikulidziwa. Koma poti inu mumaumba njerwa, ndikufunseni: munayamba mwawotchera uvuni ndi mkuyu? Mtengo wake ndi wofewa, wopepuka, wodzaza madzi. Umachedwa kuuma ndipo moto wake sukhalitsa, suchita makala. N'chifukwa chake amisiri amausema ng'oma, mitondo ndi ming'oma ya njuchi, osati kuusandutsa nkhuni. Alamuwo adzagwetsa chimtengo cha zaka zambirimbiri n'kupeza moto wochepa kuposa wa bulugamu wa zaka zisanu.

Za madzi, mkuyu umamwadi, mtengo uliwonse umamwa. Umakonda kumera pomwe madzi a pansi ali pafupi, n'chifukwa chake akale akaona mkuyu ankadziwa pokumba chitsime. Koma ntchito yake yaikulu m'mbali mwa mtsinje ndi mizu. Linthipe akadzaza mu Januwale ndi Febuluwale amadya gombe, ndipo amayambira pomwe palibe mitengo. Mukadula, mizu idzaola m'zaka zochepa, dimba lidzayamba kugumukira m'madzi. Za mthunzi n'zoona, ndipo mankhwala ake ndi kuphata nthambi za mbali ya kudimba, mtengo n'kuusiya. Nthambizo aziumitse, awotchere.

Bambo a Yamikani, Golomoti:
Za moto wake mwanena zoona, ndinayesapo kamodzi, njerwa za pakati zinatuluka zosapsa. Kuphata ndiye ndikuvomereza.

Tiyanjane (ndili ku Bunda):
Ndiwonjezere kamodzi kokha. Mtengo umodzi wa mkuyu nkhuyu zake zimakulira pamodzi, ndiye timavu tikatuluka sitipeza zaziwisi pamtengo womwewo, tiyenera kupita kwina. Mikuyu ya m'dera limodzi imabereka mosinthana, uwu lero, winawo mwezi wamawa, chaka chonse. N'chifukwa chake mbalame, mileme ndi apusi amapeza chakudya pa mkuyu ngakhale miyezi yomwe m'tchire mulibe chipatso china. Timavu timakwera m'mwamba usiku n'kutengedwa ndi mphepo. Ku Namibia, m'mbali mwa mtsinje wa Ugab, ofufuza anapeza kuti tinanyamula mungu mtunda wofika makilomita 160. Ndiye mkuyu wa amayi Nambewe utha kukhala ukulandira mungu wochokera ku mikuyu ya kwa bambo a Yamikani kuchigwa, kapena kuutumiza kumeneko. Mitengo ikamachepa, timavu tambiri timafa tisanapeze kolowa, ndipo nkhuyu zosalowedwa zimangoyoyoka zaziwisi.

Nambewe wa ku Linthipe:
Mwadzuka bwanji abale. Ndabwera kudzapereka lipoti. M'mawa uno tisanapite kusukulu tinatsikira kudimba ndi mwana uja, tinatenga lezala. Tinatenga nkhuyu zitatu: yolimba ndi yoyamba kufewa tinathyola pamtengo, ina yofiira tinatola pansi. Yolimbayo titaing'amba, m'kati munali timibulu totuwa tothithikana, m'katikati muli mphako, mkaka n'kumata zala. Yachiwiri ija ndiye inatidabwitsa. Titangoitsegula tizilombo takuda ta mapiko tinayamba kuyenda pa chala cha mwana, tina n'kuuluka, ndipo pansi pake panali tina tofiirira topanda mapiko, toyenda mwaulesi. Mwana anakuwa kuti amayi, awa ndi amuna aja! Chapakhomo tinaona timitu toyera ta ufa, ndikhulupirira ndiwo maluwa achimuna. Yofiira ija inali ndi kabowo pambali ndi nyerere zitatu zakuda, za bambo a Yamikani zija. Kachipewa ka kunsonga ndi mphete taziona. Wapita nazo kusukulu m'kabotolo.

Alamu ndinawawerengera zonse usiku, makamaka za moto ndi za gombe. Sanayankhe zambiri, anangoti aona. Koma m'mawa ndawapeza akuyang'ana nthambi ziwiri zomwe zaweramira pa bedi la tomato, akuyeza ndi maso poti adule.

Chifundo wa Zankhalango:
Auzeni adule ndi sowo osati nkhwangwa, ayambe kucheka pang'ono kunsi kwa nthambi kenaka amalize pamwamba, kuti ikamagwa isasende khungwa la thunthu. Asasiye chitsa chachitali, chimaola n'kulowetsa chiswe.

Tiyanjane (ndili ku Bunda):
Amayi, mwa takuda tija munaonapo tina tokhala ndi kamchira katali ngati tsitsi? Ngati tinalipo, timeneto ndi mtundu wina, timaboola nkhuyu tili panja n'kuikira mazira osabweretsa mungu. Mwana akabwera ayang'anenso m'kabotolomo.

Nambewe wa ku Linthipe:
Tinalipo tiwiri, tonyezimira mobiriwira. Ndimayesa ndi kaudzu kamatirira. Akaweruka ndimuuza awerenge kuti ta mchira ndi tingati, topanda mchira tingati, ndidzakulemberani madzulo.